Nyanja ya pa Kabati

Kuno ku Lisasadzi madzi timawadziwa ali m'ndowa. Timawadziwanso ali m'kheni pothirira nazale ya fodya dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, kapena atadzaza dambo mvula ikalusa mu Febuluwale. Ukaima pamsewu wa M1 n'kuponya maso kum'mawa kaya kumadzulo, zomwe umaona ndi minda, zigafa, mabulugamu ndi fumbi basi. Nyanja ili kutali, kuseri kwa nkhalango ya Nkhotakota, ndipo alipo anthu pano amene afika pogwira ndodo asadaionepo ndi maso. N'chifukwa chake anthu akamva kuti m'nyumba mwa alangizi muli sitima yankhondo ikuswa mafunde, ena amaseka, ena amangoyang'anana ngati akuti mkuluyu sukulu idam'pitirira.

Alangiziwo ndine. Ndagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi m'boma zaka 19, ndipo zambiri mwa zakazi ndathera pa chigwa cha fodya chino, kuyenda panjinga yamoto kuuza anthu za manyowa, mizere ndi kubzala mitengo, iwo n'kumavomera ndi mutu uku mtima uli ku okushoni. Ndili mwana ku Santhe ndidali katswiri wa magalimoto a mawaya. Anzanga ankapanga ongoti bola ayende, koma ine ndinkafuna kuti munthu akaona adziwe yekha kuti iyi ndi Bedford, iyi ndi basi ya Stagecoach. Bambo anga ankati dzanja limenelo ndikadalipereka ku khasu bwenzi tikudya katatu patsiku. Nditakula ndidayesa kuti nthendayo idatha, osadziwa kuti idangogona.

Idadzuka mu 2017, pamene ofesi idatitumiza ku maphunziro a sabata imodzi ku Mangochi. Tsiku lina madzulo, anzanga atapita kosaka chambo chotsika mtengo, ine ndidatsetserekera ku mlatho wa pa Shire. Pafupi ndi mlathowo pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo pambali pake pali chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Pomwepo palinso mzinga wachitsulo wa mtundu wa Hotchkiss, utangoti duu kuyang'ana kumtsinje, ana ogulitsa mandasi atautsamira. Mzingawo udali wa sitima yotchedwa Guendolen. M'mawa mwake ndidazemba phunziro la ola limodzi n'kukalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, momwe adamangamo chifanizo cha pamalo pomwe kapitao wa sitimayo ankaima. Ndidatulukamo mutu uli wina.

Mbiri yake ili motere. Guendolen idapangidwa ku Britain n'kubwera kuno ili zidutswazidutswa, kudzera mu Zambezi ndi mu Shire. Pa mathithi a Shire, pomwe chombo sichingadutse, zidutswazo zidayenda pamitu ya anthu. Adailumikiza ku Fort Johnston, komwe lero timati Mangochi, ndipo idalowa m'madzi mu 1899. Idali yaitali mamita pafupifupi 40, yolemera matani oposa 300, ndipo dzina adatengera mwana wamkazi wa Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain masiku amenewo. Ajeremani, amene ankalamulira tsidya lomwe lero ndi Tanzania, adali ndi yawo yotchedwa Hermann von Wissmann, imene idayamba kuyenda panyanjapo mu 1893. Akapitao a sitima ziwirizi, Rhoades ndi Berndt, adali pa chinansi cha ponda apa nane mpondepo, ndipo akakumana padoko botolo silinkabwerera lili ndi kanthu.

Nkhondo itabuka ku Ulaya mu Ogasiti 1914, uthenga udafika msanga ku Zomba kusiyana ndi tsidya lija. Rhoades adalamulidwa kuti akaononge sitima ya mnzakeyo. Pa 13 Ogasiti, Guendolen idatulukira padoko la Sphinxhafen, pomwe tsopano pamatchedwa Liuli, ndipo idapeza Wissmann itakokeredwa pamtunda, amisiri akuikonza. Mzinga udalira, chipolopolo n'kukamenya. Berndt sadali atamva kuti kunja kwaipa, choncho akuti adakwera kabwato ali wolusa kudzam'funsa mnzakeyo ngati waledzera. Adam'landira bwino, kenaka n'kumuuza kuti kuyambira pamenepo ndi mkaidi. Manyuzipepala a ku London adalengeza kuti apambana pa Nyanja ya Nyasa, ndipo olemba mbiri amati imeneyo ndiyo idali nkhondo yoyamba ya pamadzi imene Angerezi adapambana pa nkhondo yaikulu ija. Nditamva ndidaseka ndekha. Dziko lopanda gombe la nyanja yamchere ngati lathuli, n'kukhala loyamba pa nkhondo ya sitima! Ndikukwera basi yobwerera ku Kasungu, ndidali nditajambula kale sitimayo katatu kuseri kwa mapepala a maphunziro aja.

Kupanga sitimayo kudanditengera miyezi isanu ndi itatu, koma sindichulukitsapo gaga, poti aliyense amene adapindapo waya angathe kutero akadekha. Ndidasankha muyezo wosavuta, sentimita imodzi kuimira mita imodzi, kotero kuti sitima yonse idatalika ngati mkono wa mwana, masentimita 40 ndi pang'ono. Thunthu lake ndidasema ku chipika cha malayina chimene kalipentala wina pa Chinkhoma adandipatsa ulere. Chumuni ndi kapaipi ka pulasitiki, milongoti ndi masipoko a njinga, zingwe ndi ulusi wosokera fodya umene ndidaupatula kuti uwonde. Timpanda ta m'mbali ndidaluka ndi waya wamkuwa wa m'wailesi yakufa. Zithunzi zakale za sitimayo ndinkaziona pa intaneti ya m'foni, n'kumazikuza ndi zala mpaka zitasanduka nkhungu. Zonsezi ndinkachita usiku pa nyali ya sola, malipoti a kuntchito ataunjikana pambali. Nditamaliza ndidaikhazika pa timiyendo tiwiri ta thabwa, n'kuiika pamwamba pa kabati ya pabalaza, pakati pa chithunzi cha ukwati wathu ndi makapu osamwera alendo wamba.

Aliyense wolowa ankayamikira. Ndidayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba, mpaka tsiku lomwe a Madala adalowa.

A Madala adali mlonda wa nyumba zathu za ogwira ntchito. Kwawo ndi kugombe la Nkhotakota, komwe adakula akupalasa bwato ndi kukoka chilimila. Adabwera ku Kasungu m'ma 1990 kudzakhala tenanti pa esiteti ina, atamva kuti kufodya kuli ndalama. Zaka zitatu adalima, ndipo zaka zitatu bwana adawawerengera ngongole ya chimanga ndi mchere mpaka kutsala ndi ndalama yosakwana thiransipoti yobwererera. Manyazi adawagwira, choncho adangokhazikika. Usiku wina wa Juni 2018, chisanu chikuluma, adagogoda kudzapempha kuti nditchajeko foni yawo. Mayi a kunyumba atawapatsa tiyi, maso awo adagwera pa kabati paja. Adadzuka, kapu ili m'manja, n'kuzungulira mbali iyi ndi iyo. Ine ndidangoti phee, kudikira kuyamikiridwa.

"Alangizi, ntchito mwagwira," adatero. "Koma sitima yanuyi mwaipha."

"Ndaipha bwanji, Madala?"

"Sitima yamoyo sitiiona mimba. Mukaona mimba ya sitima, dziwani kuti ili m'chipatala ku Monkey Bay, apo ayi yagudubuzika ndipo kumudzi kuli maliro."

Adatha tiyi wawo, kuthokoza, n'kutuluka. Ine tulo sitidabwere. Mawuwo adandipweteka chifukwa adali oona. Miyezi yonse ija ndidati ndikupanga Guendolen, koma chimene chidali pa kabati ndi sitima yokwezedwa pamtunda, mimba pamtetete, yodikira kuti wina adzaiombere. Ndidali nditapanga tsoka la Wissmann ndi thupi la mdani wake. Panafunika madzi.

Ndidaona ngati ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Ndidatenga thabwa, kulipaka penti yabuluu yotsala pa zitseko za sukulu, n'kugonekapo sitima. A Madala atasuzumira adati amenewo ndi madzi a pa mapu a Sitandade 5. Ndidayesa galasi la pawindo, pansi pake n'kuyalapo pepala. Adati limenelo ndi damu la pa esiteti tsiku lopanda mphepo, ndipo ngakhale chule angachite manyazi kulumphiramo. Ulendo wachitatu ndidati ndiwaonetsa, ndidakanda simenti n'kuumba mafunde ndi supuni, onse ofanana, otalikirana mofanana, ooongoka bwino kuchokera uku kufika uko. Apa a Madala adaseka mpaka kukhosomola. Adafunsa kuti, "Mizere mwaunga bwino, alangizi. Mubzalamo chiyani, chimanga kapena mtedza?" Ndidayang'ananso. Ndithudi, dzanja lomwe laphunzitsa anthu kuunga mizere ya masentimita 75 kwa zaka zonsezi lidali litalima munda wa chionetsero.

Safunsa adadya phula. Ndidatsitsa mapewa aja n'kuwapempha kuti andiphunzitse. Iwo m'malo moyankha adayamba kundipanikiza ndi mafunso ngati loya. Sitimayi ikuyenda mwezi wanji? Ndidati Ogasiti. Nthawi yanji? Ndidati m'bandakucha. Ikuchokera kuti, ikulowera kuti? Ndidati ikuoloka kuchokera ku Nkhata Bay kulunjika tsidya lija, chakumpoto pang'ono. Adatsinzina kwa kanthawi. Kenaka adati Ogasiti ndi mwezi wa mwera, mphepo ya kummwera imene imayamba cha mu Meyi, ndipo ikakwiya asodzi amakoka mabwato n'kukhala pamchenga kusoka maukonde. Ngati sitima ikuoloka choncho, mwera ukuimenya kudzanja lamanja chakumbuyo, ndiye iyenera kupendekera kumanzere, utsi nawo uthawire komweko. Mpaka tsiku limenelo sindidali nditaganizapo kuti wofuna kuumba madzi ayenera kuyamba wasankha tsiku, ola ndi mphepo. Ndinkayesa nyanja ndi chinthu chimodzi chabuluu chimene chimangokhala.

Kwa masabata angapo, usiku uliwonse sukulu inkakhala pakhonde, mbaula ili pakati. Adandiuza kuti mafunde sayenda pamzere ngati asilikali. Amabwera m'mabanja, akuluakulu angapo motsatizana, kenaka tiana, ndipo pamsana pa funde lililonse pamakhala timakwinya tina toyenda njira yawoyawo. Adati funde la mwera ndi lalifupi ndi lachitunda, mbali imene kukuchokera mphepo ndi yotsetsereka pang'onopang'ono, mbali inayo ndi phompho, ndipo thovu limayambira pamutu pake n'kutsalira m'mbuyo ngati ndevu. Za mtundu wa madzi ndiye adalankhula ngati munthu wokamba za mkazi amene adam'siya kumudzi. Pamchenga ndi obiriwira mopepuka, ukasuntha pang'ono ndi abuluu, ukafika pakati pomwe pansi pali kutali amada bii ngati akufuna kukumeza. M'mamawa dzuwa lisadatuluke sakhala abuluu n'komwe, amaoneka ngati lata yakale. Pamathiriro a Bua nthawi ya dzinja amafiira ndi dothi. "Dothi lanu lomweli," adatero, akuloza minda ya mumdima, "limene mumati anthu asamalole kuti likokoloke." Ndidali ndisadaganizeponso kuti mvula yogwa m'minda yathu ino imatsikira mu Bua n'kukathera m'nyanja yomweyo.

Komabe za m'makutu sizikwana. Ogasiti atafika ndidauza mayi a kunyumba kuti Loweruka ndipita ku Nkhotakota. Adafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndidati ayi, ndikukaona mafunde. Adandiyang'ana nthawi yaitali. "Inu abambo," adatero, "feteleza wa kudimba simudagule, mwana fizi yatsala theka, koma ndalama yokaonera madzi ilipo?" Adalibe kulakwa ngakhale pang'ono, ndipo mpaka lero ndilibe yankho labwino pa funso limenelo. Ndidapitabe. Ndidakwera matola odutsa m'nkhalango muja, n'kukakhala pagombe kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, kope lili pabondo. Asodzi adandiyesa wa boma wodzalanda maukonde oletsedwa, ndipo mmodzi adachita kubwera kudzafunsa. Nditamuonetsa zojambula zanga adabwerera kwa anzake akugwedeza mutu. Tsiku limenelo mwera udaomba ndithu, ndipo zonse zimene a Madala adanena ndidaziona zikuchitika pamaso panga, kuphatikizapo china chimene sadanene: phokoso lake, losalekeza, longa la lole imene ikubwera koma yosafika. Ndidabwerako ndi chigoba cha usipa chopepesera, koma kunyumba kudakhala zii masiku atatu.

Njira imene idathandiza ndidaipeza kwa anthu a maiko akutali amene amachita zomwezi. Ku Japan, ku Britain ndi kwina kuli akuluakulu a imvi zawo amene amagula tizidutswa ta pulasitiki ta kampani ngati Tamiya n'kulumikiza sitima zotchuka monga Yamato ndi Bismarck, zochepetsedwa ka 350 kapena ka 700. Iwo madzi amaumba ndi mankhwala oonekera mkati, a mtengo woti ine ndingalipire fizi ya teremu. Koma ena mwa iwo, osauka anzanga, amagwiritsa ntchito tishu ndi guluu wa akalipentala. Ndidatola chithovu choyera chija amatchinjirizira mafiriji m'makatoni, n'kusemapo zitunda ndi zigwa zikuluzikulu monga ndidaonera ku Nkhotakota, osafanana, opingasa pang'ono. Pamwamba ndidayala tishu, n'kumamunyowetsa ndi guluu wosungunula ndi madzi, uku ndikumukankha ndi burashi kuti achite makwinya. Akauma, wina pamwamba pake, mpaka kanayi. Penti ndidayamba ndi yakuda yosakaniza ndi yabuluu m'zigwa, ndikukwera n'kumaonjezera yobiriwira ndi yotuwa, pamitu pa mafunde n'kungodutsitsa burashi youma ya penti yoyera. Pomaliza vanishi, kasanu, ndipo nthawi iliyonse ndinkavundikira ndi beseni kuopa fumbi la kuno, limene likadalowa bwenzi nyanja itasanduka msewu wa ku Santhe.

Mkwasa umene sitima imasiya m'mbuyo udandivuta padera. Ndidawerenga kuti katswiri wina wa sayansi, Lord Kelvin, adaonetsa kalekale kuti chinthu choyenda pamadzi akuya chimasiya mafunde otambasuka ngati chilembo cha V, ndipo mbali iliyonse imapatuka madigiri pafupifupi 19 ndi theka, kaya ndi sitima kaya ndi bakha. Sindidakhulupirire mpaka nditakaima padamu lina madzulo kuonerera abakha a eni ake akusambira. Mayi wina wochapa adandifunsa ngati ndikufuna kugula mmodzi.

Kenaka lidafika tsiku limene ndinkaliopa. Kuti sitima ikhale m'madzi olimba ngati amenewa, mimba yake iyenera kuchoka. Anzathu a ku Japan zina amagula zodulidwa kale pamzere wa madzi, koma yanga idali yathunthu, ndipo mimba imeneyo ndiyo ndidaivutikira koposa, kuipala ndi sanipepa masabata atatu mpaka kusalala ngati dzira. Ndidayesa kukumba dzenje m'chithovu chija kuti ilowe yonse, koma thabwa lidali losaya, ndipo sitima inkaoneka ngati nkhuku yofungatira. Ndidazengereza mwezi wathunthu. Usiku wina a Madala adati, "Mbuzi yoweta wekha imavuta kuzinga, koma alendo akafika mpeni umagwira ntchito. Tengani sowo, ine ndigwira." Tidalemba mzere ndi pensulo, wopendekera dala kuti mbali ya kumanzere imire kwambiri ndipo mphuno idzuke pang'ono. Manja awo okhakhala adaigwira nganganga pathebulo. Ndidadula ndikutuluka thukuta ngakhale kunja kudali kozizira. Chidutswa chitagwa pansi, mayi a kunyumba, amene ndinkayesa kuti agona, adati ali pakhomo la kuchipinda, "Mayo ine, miyezi yonse ija!" Ndidadziwa pamenepo kuti nawonso adali ataikonda mwakachetechete.

Titaikhazika pamalo pake, n'kumata thonje lonyowetsa ndi guluu pamphuno pomwe imang'amba funde, ndi thonje lina lodetsa ndi mwaye pachumuni, chinthucho chidadzuka. Sindingathe kufotokoza bwino. Sitima yomwe ija, yochepa kuposa kale, idayamba kuoneka yolemera ndi yopita kwinakwake. Mwana wanga wamkazi adati akaiyang'anitsitsa akumva chizungulire.

Ndidayembekeza kuti tsopano a Madala anena kuti yachira. Adayang'ana nthawi yaitali, kenaka adati, "Yamoyo, inde. Koma ikuyenda yokha ngati ya amizimu? Anthu ali kuti?"

Ndidati ndiika kapitao Rhoades pamalo pake, ndi woombera mzinga kutsogolo. Adagwedeza mutu. Adakhala pampando, ndipo kwa nthawi yoyamba adandiuza za agogo awo. Sitima za masiku amenewo zinkayendera nkhuni, ndipo m'madoko a m'mbali mwa nyanja munkakhala miyulu ya nkhuni zodikira. Agogo awo aamuna ankadula nkhunizo ku Nkhotakota n'kumazipalasira kusitima pabwato. Nkhondo itakula, amithenga a boma adafika m'mudzi kudzatenga amuna, ndipo agogowo pamodzi ndi mng'ono wawo adakwezedwa sitima kupita kumpoto kukakhala amtengatenga. Adabwerako okha patapita nthawi yaitali, ataonda ngati bango, ndipo mpaka imfa yawo sankafuna kumva kulira kwa sitima. Dzina la sitima imene idawatenga silidasungidwe m'banjamo. "Kaya ndi yanuyi, kaya ndi ina," adatero a Madala, "koma adakwera."

Mawu amenewa adanditumiza ku mabuku, makamaka la Melvin Page lotchedwa The Chiwaya War, limene adalemba atacheza ndi okalamba ambiri amene adaiona nkhondoyo. Nthabwala ya akapitao awiri oledzera ija idali chiyambi chabe. Wissmann itaonongeka, nyanja yonse idakhala m'manja mwa Angerezi, ndipo sitima zawo zidayamba kututa asilikali a King's African Rifles ndi katundu kupita ku Karonga, komwe pa 9 Sepitembala 1914 kudachitika nkhondo yeniyeni, anthu akuda n'kuphana ndi anthu akuda anzawo pa mkangano wa mafumu a ku Ulaya. Patangopita miyezi iwiri John Chilembwe adalemba kalata yake yodandaula kuti osauka a dziko lino akufera chinthu chomwe si chawo, ndipo mu Januwale 1915 adaukira. Pofika 1918, amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 adali atasenzapo katundu wa nkhondoyo, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka adafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi kutopa. Ine ku Mangochi ndidabwerako ndi maina awiri, onse a azungu, ndipo ndidawasunga pamtima ngati mavesi.

Pa muyezo wanga munthu wamkulu amatalika mamilimita 17, kuchepera theka la kamtengo ka machesi. Ndidagula mabokosi atatu. Mitu ndidaumba ndi kadontho ka guluu, manja ndi waya wamkuwa uja, zovala ndi tishu wopaka utoto. Ndidapanga amalinyero okoka zingwe, asilikali atakhala motsamira mpanda, wophika ali ndi ndowa, wina atawerama m'mbali chifukwa mwera wam'sokoneza m'mimba. Onse pamodzi adakwana 31, ndipo Rhoades ndidamupanga pomalizira. Maso adandiwawa mwezi wonse, mpaka lero ndimavala magalasi.

A Madala adawawerenga mmodzimmodzi ndi nsonga ya udzu. Atatha adafunsa kuti, "Nanga osonkha moto?"

Ndidatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Osonkha moto sakhala pamwamba. Amakhala pansi, kung'anjo, m'chithukuthuku ndi mumdima, kuponya zipika m'moto usana ndi usiku osaona kumene sitima ikupita. Malo awo adali m'mimba muja, mmene tidadula ndi sowo tonse awiri. Tidayang'anana, kenaka iwo adayamba kuseka, ine n'kutsatira, koma kuseka kwake kudali kwa pamaliro. M'mawa mwake ndidakafunafuna chidutswa chija. Ndidachipeza kukhitchini pamulu wa nkhuni, chitatsala pang'ono kuphikira nyemba. Ndidachikumba mkati ndi tchizulo, kuikamo kang'anjo ka chitsekerero cha botolo, timitengo ta nkhuni, ndi anthu atatu opanda malaya. Chimakhala m'kabati momwemo, pashelefu ya pansi pa nyanjayo, kuseri kwa makapu, ndipo amachiona ndi okhawo amene afunsa.

Mu 2021, chaka chimene Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti m'malamulo a ntchito, a Madala adati maso ayamba kuchita nkhungu ndipo mlonda wosaona ndi chiopsezo cha mbalame chabe. Mwana wa mlongo wawo adawatumizira thiransipoti. Madzulo a tsiku lotsanzikana adabwera atavala jekete, n'kutulutsa m'thumba kanthu kokulunga m'pepala la shuga. Kadali kabwato kosema ndi mpeni, kokumba bwino mkati, milomo yake yopindikira mkati monga amachitira mabwato a kwawo, ndipo m'katimo mudali kamunthu kogwira nkhafi, kumbuyo kwake kuli kamtolo ka nkhuni. Diso langa la muyezo lidaona msanga kuti n'kakakulu. Kadali masentimita 12, kutanthauza bwato la mamita 12, ndipo mwini wake akadaimirira akadaposa chumuni theka. Ndidatsala pang'ono kunena, koma ndidadziluma lilime.

Sadandifunse pokaika. Adayang'ana mafunde, kuyang'ana utsi, n'kukakhazika kumanzere chakumbuyo kwa sitima, pomwe mkwasa ukutambasukira, mphuno yake atailozetsa ku funde. Adati bwato likapereka nthiti ku funde la sitima, mwini wake amakagona kwa ang'ona. Ndidabweretsa guluu, iwo n'kugwira mpaka atauma. Chaka choyamba tinkaimbirana foni. Kenaka nambala yawo idayamba kunena kuti siikupezeka, ndipo ndakhala ndikunena kuti ndipita ku Nkhotakota ndikafunse, koma ulendowo sudatheke mpaka lero.

Nyanjayo ikadali pa kabati. Miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala fumbi limaikuta mpaka kuoneka ngati dambo louma, ndipo Loweruka lililonse mwana wanga amaipukuta ndi nthenga ya nkhuku, kuzemba zingwe ndi mitu ya machesi ija. Aphunzitsi a pasukulu yapafupi adamva, ndipo nthawi zina amabwera ndi ana kudzaona. Mwezi wathawu kudabwera a Sitandade 4. Nditafunsa kuti ndani adaionapo nyanja, adakweza manja awiri okha mwa ana 40. Ndidawafotokozera za mzinga wa ku Mangochi, za Karonga ndi za amtengatenga, ena akumvetsera, ena akukankhana. Kamnyamata kena kosavala nsapato kadadikira mpaka anzake atayamba kutuluka. Kadayang'ana uku ndi uku, n'kugunda funde limodzi ndi chala, kenaka n'kuyang'ana chalacho. Katazindikira kuti ndakaona, kadabisa dzanja kumbuyo, n'kuloza bwato lija ndi chibwano.

"Sala," kadatero, "awowo afika?"